BP, mapiritsi ake ndi zomwe mtima umachita mukamalimbitsa thupi

Pali funso lomwe anthu ambiri amene anawapeza ndi BP amakhala nalo koma kuchipatala safunsa, mwina poti mzere umakhala wautali ndipo adokotala ali ndi mphindi zochepa, mwina poopa kuoneka ngati akutsutsa. Funso lake ndi loti, kodi ine amene ndikumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku ndingathamange, ndingapalase njinga, ndingapite ku jimu kapena kukamenya mpira wa madala Loweruka? Nanga bwanji chiyambireni mankhwalawa ndikumatopa msanga, miyendo kulemera, pena chizungulire ndikangoima? Ena akaona choncho amasiya masewera, ena amasiya mankhwala, ndipo zonse ziwirizi ine zimandidetsa nkhawa chifukwa munthu wa BP amafunika zonse. Nde ndikufuna tilowe mkati mwenimweni, tione zomwe mtima umachita thupi likakhala pa ntchito, zomwe BP imasintha, komanso zomwe piritsi lililonse limasintha, poti mapiritsiwa si ofanana olo pang'ono.

Nkhaniyi si ya anthu ochepa ayi. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti ku Malawi kuno pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse azaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Akakuyezani amatchula manambala awiri, mwachitsanzo 120 pa 80. Yapamwambayo ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha pa nthawi imene mtima wafinya, yapansiyo ndi mphamvu yotsala mtima ukamasuka n'kumadzaza magazi ena. Mukamapezeka ndi 140 pa 90 kapena kupitirira pa masiku osiyana, mutakhala pansi phee, ndi pamene amati muli ndi BP.

Tsono munthu wabwinobwino akangokhala, mtima wake umagunda mwina ka 70 pa mphindi, ulendo uliwonse n'kutulutsa mamililita ngati 70, kuphatikiza zonse ndi malita pafupifupi 5 pa mphindi. Akayamba kuthamanga minofu ya m'miyendo imafuna okosijeni wambiri, ubongo umatumiza uthenga, timadzi ta m'thupi tofulumizitsa mtima totchedwa adrenaline timatuluka, mtima umagunda mofulumira komanso mofinya kwambiri, mpaka malita aja amatha kufika 20 kapena 25 kwa wachinyamata wathanzi, ndipo akatswiri othamanga mitunda amapitirira 30. Magazi onsewo akungodutsa m'mitsempha yomweyo, nde nambala yapamwamba imakwera ndithu, 160, 180, pena 200, ndipo zimenezi si matenda, ndi mmene thupi linapangidwira. Chomwe chimateteza munthu ndi choti timitsempha ta m'minofu yomwe ikugwira ntchitoyo timatseguka kwambiri, magazi n'kupeza njira yotakasuka, n'chifukwa chake nambala yapansi sisuntha kwenikweni, pena imatsikako pang'ono. Gwirani mfundo imeneyi: pothamanga, poyenda ndawala kapena popalasa njinga, yapamwamba imakwera, yapansi imakhala pomwepo.

Kwa munthu amene wakhala ndi BP zaka zambiri, apa ndi pomwe zinthu zimayambira kusiyana. Makoma a mitsempha yake amakhala atakhuthala n'kuuma, kachikopa ka mkati mwake komwe kamatulutsa mankhwala otsegula mtsempha sikagwiranso bwino ntchito, nde akayamba kuthamanga mtima ukuwonjezera magazi koma njira sizikutseguka mokwanira. Zotsatira zake n'zoti wayambira kale pamwamba, ndipo akukwera msanga kuposa mnzake. Madokotala oyeza anthu pa makina othamangirapo amaona kuti yakwera mopyola ikadutsa 210 kwa abambo kapena 190 kwa amayi, ndipo ikafika 250 yapamwamba kapena 115 yapansi amaimitsa mayesowo. Palinso anthu ena oti atakhala pansi BP yawo ili bwinobwino koma akangothamanga imalumpha chonchi, amenewa kawirikawiri amadzapezeka ndi BP yeniyeni patsogolo.

Koma chomwe ndikufuna tichimvetse bwino ndi mtima weniweniwo. Mtima ndi mnofu, ndipo chipinda chake chakumanzere cham'munsi ndi chomwe chimakankhira magazi ku thupi lonse. Chikamakankha molimbana ndi BP yokwera usana ndi usiku, chaka ndi chaka, khoma lake limakhuthala, kuchoka pa sentimita imodzi kapena kucheperapo kufika mamilimita 13, 14 mpaka kuposa. Wina atha kunena kuti si zabwino zimenezo, mnofu waukulu si wamphamvu? Ayi ndithu. Mtima wa katswiri wothamanga nawo umakula, koma umakula ndi chipinda chomwe, khoma lake n'kukhalabe lofewa, umadzaza magazi ambiri mosavuta. Wa BP umakhuthalira mkati, chipinda chimachepa, pakati pa minofu pamalowa timinyewa touma, nde kufinya umafinya bwino koma kumasuka kuti udzaze ndi komwe kumavuta. Yerekezani kuuzira baluni ndi pakamwa kenako muyese kuuzira chubu cha njinga, mpweya ulowa inde koma mpaka masaya kuwawa.

Munthu atakhala pansi vutoli silioneka, chifukwa mtima uli ndi nthawi yokwanira. Ukamagunda ka 75 pa mphindi, kugunda kumodzi kumatenga sekondi yosakwana, pafupifupi 0.8, ndipo pa nthawi imeneyo pafupifupi theka la sekondi ndi yodzaza. Ukafika 150 pa mphindi nthawi yodzazayo imatsala yosakwana theka la imene inalipo. Mtima wofewa umakwanitsa, umachita kuyamwa magazi mwachangu. Wouma uja umalephera, nde kuti udzaze pamafunika mphamvu yambiri kuchokera kumbuyo, ndipo kumbuyo kwake kuli mapapo. Magazi amapanikizana m'mitsempha ya m'mapapo, munthu n'kuyamba wefuwefu pa kachitunda komwe chaka chatha ankakwera akucheza. Anthu ambiri apa amangoti ndi ukalamba kapena kunenepa, eti, chonsecho ndi mtima umene ukuvutika kudzaza. Zikapitirira osathandizidwa zimafika poti mtima walephera ngakhale sikani ikuonetsa kuti ukufinya bwino, ndipo zimenezi zimakonda kwambiri amayi achikulire omwe akhala ndi BP nthawi yaitali.

Palinso chachiwiri. Mtima nawo umadya, uli ndi mitsempha yakeyake yoti iwupatse okosijeni, ndipo mbali yakumanzereyi imalandira magazi ake makamaka pa nthawi yomasuka ija, poti ukafinya umapana mitsempha yake yomwe. Komanso olo munthu atagona, mtima umakhala ukutenga kale pafupifupi magawo 70 pa 100 a okosijeni wa m'magazi omwe akudutsamo, nde ukafuna wina palibe kochitira koma kuti magaziwo achuluke. Tsono onani mmene zikukumanirana kwa munthu wa BP akamathamanga: khoma ndi lokhuthala kotero likufuna chakudya chambiri, likukankha molimbana ndi BP yokwera kotero ntchito yakula, nthawi yomwe limadyera yafupika, ndipo mwina mitsempha yakeyo yayamba kale kutsekeka ndi mafuta. Apa ndi pomwe pamachokera kupweteka kapena kuthina pachifuwa pokwera mtunda komwe kumasiya munthu akapuma, komanso kugunda kosokonekera. Madokotala amayerekeza ntchito ya mtima pochulukitsa kugunda kwake ndi nambala yapamwamba ija, nde anthu awiri akhoza kumathamanga limodzi mitima ikugunda 140 onse, koma wa BP 210 mtima wake ukugwira ntchito yaikulu kutalitali kuposa wa 170.

Kunyamula zolemera ndi nkhani ina, ndipo apa ndikupempha anyamata a ku jimu amvetsere, komanso aliyense amene amasenza matumba a chimanga kapena a simenti a makilogalamu 50. Mnofu ukakungika mwamphamvu osamasuka umapana mitsempha yake, njira m'malo motseguka imatsekeka, nde manambala onse awiri amakwera pamodzi. Kuwonjezera apo munthu akamanyamula cholemera amagwira mpweya n'kukankha ndi pamimba, zomwe zimakweza BP kwambiri zedi kwa masekondi angapo. Mu 1985 ofufuza a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anaika kachipangizo mkati mwa mtsempha wa anyamata omanga minofu akukankha zitsulo ndi miyendo yonse iwiri, anapeza manambala a m'ma 320 pa 250, ndipo mmodzi anafika 480 pa 350. Amenewo anali achinyamata athanzi ndipo zinali za kanthawi kochepa, koma kwa bambo wazaka 55 amene wayambira pa 170 ndipo mitsempha ya mu ubongo yatopa kale, si chinthu chochiseweretsa. Sindikuti zitsulo n'zoletsedwa, zimathandiza ndithu, koma zikhale zopepukirako zoti mutha kunyamula ka 10 kapena ka 15, ndipo muzitulutsa mpweya pamene mukukankha, osaugwira.

Mwina pofika apa wina wachita mantha kuti bola kungokhala. Ayi, chonde. Thupi lomwelo likamaliza masewera timitsempha tija timakhalabe totseguka, BP imatsika kuposa mmene inalili musanayambe ndipo imatha kukhala yotsika kwa maola ambiri, pena pafupifupi tsiku lonse. Mukamabwereza masiku ambiri pa sabata, mitsempha imayamba kufewa, mtima umagunda pang'onopang'ono mukakhala, ndipo nambala yapamwamba imatsika ndi 5 mpaka 8, zomwe zikufanana ndi zimene piritsi limodzi limachita kwa anthu ena. WHO imati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, monga kuyenda ndawala. Mu 2023 ofufuza a ku Canterbury ku England anasonkhanitsa mayeso 270 n'kupeza kuti ngakhale masewera ongokunga minofu osasuntha, monga kutsamira khoma utapinda mawondo kwa mphindi ziwiri n'kupuma n'kubwereza kanayi, amatsitsa BP ndi pafupifupi 8 pa 4. Izi n'zabwino kwa amene alibe malo othamangira, bola BP ikhale yoti yagwidwa kale ndi mankhwala ndipo muzipuma mpweya bwinobwino, osaugwira, muli pakhomapo. Ndipo khoma la mtima lokhuthala lija limatha kuphwerako BP ikatsitsidwa kwa miyezi ndi zaka, si chinthu choti chikachitika basi chatha.

Tsopano mapiritsi. Chinthu choyamba, dziwani dzina la mankhwala anu. Anthu ambiri ukawafunsa amati ndimamwa kakang'ono koyera ndi kena kapinki, koma mitundu imasintha malinga ndi kampani, dzina ndi lomwe lili m'kabuku ka kuchipatala kapena pa kapepala ka mankhwala. M'zipatala zathu omwe mungakumane nawo kawirikawiri ndi HCT, amlodipine, nifedipine, enalapril, atenolol ndi propranolol, kwa amayi oyembekezera methyldopa.

Ndiyambe ndi atenolol ndi propranolol poti ndi omwe amakhudza masewera kwambiri kuposa onse. Gulu limeneli amalitcha ma beta blocker, ndipo ntchito yake ndi kutchinga malo omwe adrenaline amafikira pa mtima. Propranolol anapangidwa ndi James Black wa ku Scotland m'zaka za m'ma 1960, ndipo anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1988. Mukamamwa mankhwalawa mtima umagunda pang'onopang'ono komanso mosafinya kwambiri, BP n'kutsika. Koma kumbukirani kuti pothamanga thupi limadalira adrenaline yemweyo kuti mtima ufulumire. Nde mukuthamanga, miyendo ikupempha magazi, ubongo ukuitana, koma mtima ukuyankha mochedwa ndipo sukufika pomwe unkafika, umatha kutsalira ndi 20 kapena 30 pa mphindi. Thupi limayesa kubweza potulutsa magazi ambiri pa kugunda kulikonse ndi kutenga okosijeni wambiri m'magazimo, pa kuyenda wamba zimakwanira, koma mukafuna liwiro ndi pomwe mumamva kuti china chake chikukugwirani. Propranolol amaposa apa chifukwa satchinga pa mtima pokha, amatchinganso m'minofu, m'chiwindi ndi m'mapapo, kotero shuga ndi mafuta zomwe zimayenera kutuluka kuti zikhale nkhuni za minofu zimatuluka mochedwa, miyendo imalemera, manja ndi mapazi kuzizira, ndipo kwa munthu wa mphumu akhoza kutseka chifuwa zoopsa. Atenolol ndi bisoprolol amalunjika kwambiri pa mtima nde kutopako kumachepako.

Apa pali msampha kwa amene mumagwiritsa ntchito mawotchi owerenga kugunda kwa mtima kapena ma app a pa foni. Amakuuzani kuti chotsani zaka zanu pa 220, yotsalayo ndiye malire a mtima wanu, kenako thamangani pa magawo akutiakuti. Kwa wazaka 50 ndiye kuti 170. Koma ngati muli pa atenolol mwina olo mutadzipha bwanji simupitirira 135 kapena 140, nde mukamathamangitsa nambala ya pa wotchi mudzipanikiza mopyola muyeso wotchi ikukuuzani kuti simunayambe. Siyani nambalayo, mverani thupi. Njira yosavuta ndi yoyankhula: ngati mukutha kuyankhula ziganizo koma simungathe kuimba, muli pabwino, ngati mawu akutuluka limodzilimodzi, chepetsani. Ndipo muzitenthetsa thupi nthawi yaitaliko, mphindi 10, poti mtima wanu umachedwa kudzuka.

Amene muli ndi shuga komanso mukumwa mankhwala a gulu limeneli samalani kawiri. Masewera amatsitsa shuga, ndipo chenjezo lomwe thupi limapereka shuga akatsika, kunjenjemera ndi mtima kuthamanga, ndi la adrenaline yemwe watchingidwa uja. Thukuta lokha ndi lomwe limatsala, koma munthu ali pa masewera thukuta aliona ngati lachilendo? Yendani ndi siwiti kapena kashuga m'thumba, makamaka ngati mumabaya insulin kapena mumamwa glibenclamide.

Koma ndisawaipitse mankhwalawa, chifukwa kwa munthu amene anadwalapo mtima, amene mtima wake unafooka, kapena amene amamva kupweteka pachifuwa akamayenda, ma beta blocker amapulumutsa moyo, ndipo oterewa amatha kuyenda mtunda wautali ali pa mankhwala kuposa asanayambe, poti mtima ukamagunda pang'onopang'ono nthawi yodzaza ndi yodya ija imatalika. Chomwe chinasintha n'choti kwa munthu wa BP yokha, wopanda vuto lina la mtima, masiku ano sakhala oyambirira kupatsidwa. Nde ngati ndinu wokonda kuthamanga, kapena ntchito yanu ndi ya kabaza, ndipo atenolol wakumangani miyendo, kauzeni adokotala kapena a kiliniko, nthawi zambiri pali china choti angasinthe. Chomwe simuyenera kuchita ndi kusiya nokha mwadzidzidzi. Mtima umakhala utazolowera kutchingidwa, mukachotsa kamodzi umalumpha, kugunda kumathamanga, BP kukwera, ndipo kwa wina amene mitsempha ya mtima ndi yopapatiza zimatha kuyambitsa vuto lalikulu. Amatsitsa pang'onopang'ono.

Pongodutsa, mankhwala omwewa ndi oletsedwa m'mipikisano ya kuwombera mfuti ndi mivi chifukwa amakhazika manja, moti pa Olympics ya ku Beijing mu 2008 Kim Jong-su wa ku North Korea analandidwa mamendulo awiri atamupeza ndi propranolol. Mankhwala okodzetsa nawo ndi oletsedwa m'masewera onse a mpikisano, nde wosewera wa mu ligi amene ali ndi BP afunika kudziwitsa dokotala wa timu.

Okodzetsawo ndi HCT, yemwe ambiri amayambira, ndi furosemide yemwe ena amamudziwa kuti Lasix, wamphamvu kwambiri ndipo amapatsidwa makamaka kwa otupa kapena a mtima wofooka. Amachotsa mchere ndi madzi kudzera mu mkodzo. Pa mlingo wochepa wa HCT, 12.5 kapena 25 mg, anthu ambiri amachita masewera bwinobwino osamva kusiyana. Vuto limabwera kukatentha. Tangoganizani mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, munthu wamwa piritsi m'mawa, wakodza, kenako ali padzuwa thukuta kamukamu, madzi a m'magazi achepa kawiri, magazi obwerera ku mtima achepa, ndipo mtima wouma uja ndi womwe umadalira kwambiri kudzazidwa bwino. Umayamba kugunda mothamanga kuti ubweze, munthu n'kuona mdima. Limodzi ndi madzi mumatuluka potaziyamu, mchere womwe minofu ndi magetsi a mtima zimadalira, ukachepa minofu imakokana, thupi kufooka, pena mtima kudumphadumpha. Nde chitani masewera m'mamawa kapena dzuwa litapepa, imwani madzi musanayambe ndi pambuyo, idyani nthochi, mbatata, nyemba, masamba ndi mapeyala, ndipo tsiku lomwe mwatsegula m'mimba kapena mukusanza musapite kothamanga.

Amlodipine ndi nifedipine amagwira pa makoma a mitsempha, amawamasula kuti atseguke. Kwa munthu wa masewera awa ndi abwino chifukwa sagwira mtima miyendo, umafulumira mmene ukufunira, ndipo akuthandiza pa vuto lenileni lija la njira zosatseguka. Komanso kwa ife anthu akuda amagwira ntchito bwino. Kafukufuku wotchedwa CREOLE yemwe anatuluka mu 2019, wochitikira m'mayiko 6 a mu Africa muno kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi South Africa, anapeza kuti kuphatikiza amlodipine ndi HCT kapena amlodipine ndi perindopril kumatsitsa BP kuposa kuphatikiza perindopril ndi HCT. Zovuta zake ndi kutupa kwa akakolo madzulo, mutu ndi kumva kutentha kumaso masiku oyamba. Kutupako anthu ambiri amaopa kuti ndi mtima kapena impso, nthawi zambiri ndi piritsi chabe, koma kaonetseni kuti atsimikize, makamaka ngati kukubwera ndi befu. Verapamil ndi diltiazem ndi a banja lomwelo koma iwo amachedwetsako mtima, nde za wotchi zija zikuwakhudzanso.

Enalapril, captopril, lisinopril ndi abale awo losartan ndi telmisartan amatchinga timadzi ta m'thupi tomwe timafinya mitsempha n'kusunga mchere, tomwe timayambira ku impso. Nawonso salanda mphamvu pa masewera, ndipo ali m'gulu la omwe amathandiza kwambiri kuphwetsa khoma lokhuthala la mtima komanso kuteteza impso za odwala shuga. Enalapril amabweretsa kachifuwa kouma kokereketa pakhosi kwa anthu ena, kosamva mankhwala a chifuwa, akakusinthirani losartan kamatha. Mukaona milomo, lilime kapena nkhope zatupa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, izi zimachitika kawirikawiri kwa anthu akuda kuposa azungu. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati samwa gulu limeneli. Ndipo awa amasunga potaziyamu m'malo motaya, nde musamagule mchere wapadera wa potaziyamu wolowa m'malo mwa mchere wamba musanafunse.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna ndichinene mokweza chifukwa chimachitika kwambiri. Munthu wachoka ku jimu kapena ku mpira thupi likuwawa, wadutsa pa golosale kapena pa famase wagula brufen, diclofenac kapena indocid, akumwa masiku angapo. Mankhwala amenewa amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mapiritsi anu, ndipo akakumana ndi enalapril ndi HCT m'thupi lomwe lataya madzi ndi thukuta, impso zimatha kuvulala m'masiku ochepa chifukwa njira zonse zomwe impso imadzitetezera zatsekedwa nthawi imodzi. Panado ndi wotetezekako pa zowawa wamba. Chimodzimodzi zakumwa zopatsa mphamvu zodzaza kafeini, ma ufa omwe anyamata amamwa asananyamule zitsulo, ndi mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno, zonsezi zimakankhira BP ndi kugunda kwa mtima m'mwamba pa nthawi yomwe zikukwera kale.

Nanga chizungulire chobwera mukangomaliza? Ichi chimakhudza pafupifupi mapiritsi onse, makamaka otsegula mitsempha, okodzetsa ndi methyldopa. Pamene mukuthamanga minofu ya m'miyendo imafinya mitsempha n'kumakankhira magazi kubwerera ku mtima. Mukaima kamodzi n'kamodzi kufinyako kwasiya koma mitsempha idakali yotseguka, magazi amadikha m'miyendo, obwerera ku mtima achepa, opita ku ubongo achepa, ndipo piritsi likuletsa thupi kutseka mitsempha msanga. Ogwa ndi chizungulire chotere kawirikawiri amagwa pa mphindi zoyamba atamaliza, osati ali mkati mothamanga. Mankhwala ake ndi ophweka: musaime, yendani pang'onopang'ono mphindi 5 mpaka 10, musathamangire kusamba madzi otentha kapena kumwa mowa, ndipo mukamva mdima gonani pansi miyendo m'mwamba. Zikamachitika kawirikawiri ndiye kuti mwina mlingo wa mankhwala wakula, makamaka ngati mwatsika thupi chiyambireni masewera, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino yokakambirana kuchipatala. Koma osadumphitsa piritsi dala poti lero ndi tsiku lothamanga, chifukwa ndi tsiku lomwelo pomwe BP ikwere kwambiri.

Ena amati ine ndimalima ndi khasu tsiku lonse, ndimatunga madzi pa mjigo, masewera ena a chiyani. Zoona, thupi lomwe likugwira ntchito liposa longokhala, ndipo sindingauze mlimi kuti akathamange atachoka kumunda. Koma ntchito yolemetsa ya maola ambiri, yowerama, yonyamula, yopanda nthawi yopuma, imasunga kugunda kwa mtima ndi BP pamwamba tsiku lonse, nde isakupusitseni kuti simungakhale ndi BP kapena kuti mankhwala simukuwafuna. Zonse zomwe ndanena za madzi, dzuwa, kugwira mpweya ndi brufen zikukukhudzani inunso, mwinanso kuposa wa ku jimu.

Musanayambe, yezetsani. Yezani mutakhala pansi mphindi 5, musanamwe khofi, osati mutangochoka kothamanga poti nambala yake idzakunamizani. Ikakhala 180 pa 110 kapena kuposa, tsiku limenelo si la masewera, ndi la kuchipatala. Ikakhala m'ma 160, kuyenda kuli bwino koma liwiro ndi zitsulo zolemera zidikire kaye mpaka itsike. Amene mwakhala ndi BP zaka zambiri, muli ndi shuga, munachitapo sitiroko kapena mumamva befu msanga, pemphani ECG, komwe ndi kuyeza magetsi a mtima, ndipo kumene ikupezeka sikani ya mtima yomwe amati eko, ndi imene imaonetsa kukhuthala kwa khoma ndi mmene mtima ukudzazira. Yambani ndi mphindi 10 kapena 15 zoyenda, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse.

Ndipo muli mkati mwa masewera, mukamva kuthina kapena kulemera pachifuwa komwe kukufalikira ku dzanja, kukhosi kapena nsagwada, befu losagwirizana ndi zomwe mukuchita, mtima kugunda mosokonekera, mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi, maso kuchita mdima, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, pakamwa kupotoka kapena lilime kulemera, imani pomwepo ndipo wina akutengereni kuchipatala, musadikire kuti muone ngati zisiye mawa. Mukapita nyamulani kabuku kanu ndi mapaketi a mankhwala onse omwe mukumwa, ngakhale ogula nokha ndi azitsamba omwe, ndipo muwauze kuti zinayamba mukuchita chiyani, patapita mphindi zingati, komanso piritsi munamwa nthawi yanji.